Lusiya Asiya Ndodo M'tauni ya Kasungu

1. Malangizo a Amayi

Lusiya Mwale anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo tauni ya Kasungu ankangoimvera kwa anzake. Kwawo kunali ku Simlemba, kumene munthu akaima pachulu amaona minda ya fodya ndi zigafa mpaka maso kutopa. Sukulu yake inali yoyendera, koma mu Folomu 3 monse munalibe womuposa pa Chingerezi. Zimenezi iye ankazidziwa bwino, mwinanso mopitirira muyeso.

Bambo ake, a Levison, anali mlimi wodziwika. Fodya ankatha kusankha ndi zala zokha, ndipo zinawathandiza, chifukwa maso awo anachita ng'ala. Diso lamanzere linatsekeka kalekale. Lamanja nalo linali m'njira yomweyo. Munthu ankangomuona ngati chithunzithunzi, moti chaka chimenecho mizere ya m'munda anachita kuwaongolera ndi akazi awo.

Ndiye kunabwera uthenga. Madokotala a maso, amene amabwera kamodzi pachaka, adzafika pachipatala china cha mpingo m'tauni ya Kasungu. Wofuna kuchotsedwa ng'ala akalembetse Lachiwiri isanakwane 12 koloko masana, ali ndi kalata yochokera kuchipatala cha kwawo. Wolembedwa akagona konko masiku awiri. Kalatayo a Levison anali nayo. Amayi sakanatha kupita, chifukwa fodya anali m'chigafa ndipo kunyumba kunali ana aang'ono. Ntchito yoperekeza inagwera Lusiya.

M'mamawa wa tsikulo, akudikira matola pamsewu, amayi anaika kalata ndi foni ya banja m'chikwama cha Lusiya. Ndalama za ulendo anaziika m'thumba lam'kati la jekete la amuna awo. Kenako anamugwira mwanayo padzanja.

"Mwana wanga, tamvera. Kutauni si kuno, kumene aliyense amadziwa kuti awa ndi a Mwale. Kumeneko galimoto siimira munthu, ndipo njinga zamoto zimatulukira paliponse. Ife galimoto tilibe, choncho lero bambo ako ayenda ndi maso ako. Ukasokera usafunse anyamata ongoimirira. Funsa amayi ogulitsa malonda, kapena a kabaza achikulire ovala malaya a nambala. Usakwere galimoto ya munthu, ngakhale akusekerere bwanji. Ndipo ndodoyi usaisiye. Iwe gwira kutsogolo, iwo kumbuyo, monga muchitira popita kutchalitchi. Ukangoisiya, wawasiya mumdima."

Lusiya anayankha kuti wamva. Kunena zoona, theka la maganizo ake linali pa siketi yake yatsopano, kuti fumbi la matola lisaiwononge.

2. Ndodo

Anafika padepoti cha m'ma 9 koloko. Anthu anali piringupiringu. Makondakitala ankakuwa, njinga za kabaza zinali mbwee, ndipo fungo la tchipisi linasakanikirana ndi utsi. Lusiya anaima kakasi kwa kanthawi, kenako anakumbukira kuti iye ndiye mtsogoleri.

Anafuna kuti akwere kabaza, koma bambo ake anakana. Anati sangakhale pachinthu chothamanga pamene sakuona kumene chikulowera, ndipo miyendo anali nayo. Mayi wina wogulitsa nthochi anawalozera njira. Anati atsate msewu wa tala, phiri likhale kudzanja lamanzere, ndipo pa theka la ola akhala atafika. Nthawi inalipo yambiri.

Ananyamuka monga mwa masiku onse, Lusiya kutsogolo, ndodo pakati, bambo kumbuyo. Ku Simlemba akamayenda choncho anthu ankapatuka n'kupereka moni mwaulemu. Kuno zinali zina. Asanapite patali, mayi wina wovala bwino anatuluka m'sitolo, n'kuika kandalama m'dzanja la a Levison, amvekere agulire mwanayu mandasi.

A Levison anaseka. Anabweza kandalamako mwaulemu, n'kufotokoza kuti iwo ndi mlimi, akungopita kuchipatala. Koma Lusiya sanaseke. Tsidya lina la msewu anaona mayi wosaona akutsogoleredwa ndi ndodo chimodzimodzi, akupempha pamawindo a minibasi. Apo m'pamene anazindikira chimene anthu a m'tauni ankaona akawayang'ana. Manyazi anamugwira, nkhope yonse inatentha. Anayamba kuona jekete la bambo ake lothetheka m'zigongono, ndi manja awo akuda ndi utomoni wa fodya, ngati kuti akuziona koyamba.

Nthawi yomweyo wina anamuitana dzina. Galimoto yoyera inali kuima m'mbali mwa msewu, ndipo pawindo panali nkhope ya Olive.

Olive anali mwana wa bwana woyang'anira esiteti ina yaikulu, ndipo ankaphunzira pasukulu yogonera konko ku Mtunthama, koma sabata imeneyo anali kwawo patchuthi. Awiriwa anadziwana pa mpikisano wa mtsutso umene unachitikira pasukulu ya Lusiya. Tsiku limenelo Lusiya anapambana, koma posafuna kuoneka wotsika anauza Olive kuti nawonso kwawo ali ndi esiteti ndi galimoto. Linali bodza la tsiku limodzi. Ndani akanadziwa kuti lidzamupeza pamsewu?

Galimoto isanaimitsitse, dzanja la Lusiya linali litasiya kale ndodo.

Atapatsana moni, Olive anayang'ana a Levison n'kufunsa kuti agogowo ndi ndani.

"Ndi tenanti wa bambo anga," anatero Lusiya. "Ndangokumana nawo pompano."

Tenanti ndi munthu wolima fodya m'munda mwa eni ake. A Levison anali ataima mapazi atatu okha kuchokera pamenepo, ndipo makutu awo analibe ng'ala. Anangovula chipewa kupereka ulemu kwa amayi a Olive, amene ankayendetsa galimotoyo.

Amayiwo anati Lusiya akwere akaone kunyumba kwawo, n'pafupi, akamwe kenakake, ndipo amubweza posachedwa. Apa Lusiya akanatha kukana. Akanatha kunena kuti ali ndi ntchito. Koma kukana kukanabala mafunso, ndipo mafunso ndiwo ankawaopa. Anatengera bambo ake pabenchi ina pafupi ndi ambulera wamkulu wofiira, wa anthu otumiza ndalama pafoni. Anawanong'oneza kuti akubwera pompano, nthawi ikadalipo.

"Pita," anatero a Levison.

Lusiya anayang'anitsitsa ambulerayo kuti asaiwale malowo. Pamsika wa kwawo ambulera wotero analipo mmodzi yekha, ndipo anthu akamapangana ankangoti tikumane paambulera.

3. Kunyumba kwa Eni

Galimoto inakhota kumanja, kenako kumanzere, inadutsa damu, n'kukhotanso kangapo. Lusiya sanasamale za njira. Anali kalikiliki kukhala ngati munthu wozolowera mipando yofewa. Zoti n'pafupi zija zinali zoona kwa munthu wa galimoto.

Atangolowa m'nyumba, foni ya amayi a Olive inalira. Kuesiteti kunali vuto, ankafunika msanga. Anauza atsikanawo kuti azicheza, iwo abwera masana, ndipo galimoto inatuluka pageti. Lusiya anazindikira kuti womubweza palibenso, koma pakamwa pake panatuluka kumwetulira.

Olive analibe mtima woipa. Anabweretsa chakumwa chozizira, anaonetsa mnzake zithunzi za kusukulu, n'kufunsa kuti galimoto ya kwa Lusiya ndi ya mtundu wanji. Lusiya anatchula mtundu. Anafunsidwa za matenanti, anatchula chiwerengero. Bodza lililonse linkaitana linzake. Chakumwacho sichinamukomere n'komwe, ndipo maso ake ankangothawira pawotchi ya pakhoma.

Itakwana 11 koloko anatsegula chikwama kuti atenge kampango kopukutira thukuta. Dzanja lake linakhudza pepala. Inali kalata ya bambo ake, ndipo pambali pake panali foni. Munthu uja pabenchi analibe kalata, analibe foni, analibenso maso.

Anadzambatuka n'kunena kuti akupita. Olive anadabwa, n'kumuuza kuti angoimbira dalaivala wa bambo ake adzamutenge. Lusiya ananyamula chikwama chake. Anatuluka pageti osatsanzika bwino.

4. Maambulera Ofiira

Kunja misewu yonse inali yofanana, mipanda ya njerwa mbali zonse. Ndalama ya kabaza analibe, chifukwa zonse zinali m'jekete la bambo ake. Anathamanga, anabwerera, anathamanganso. Nsapato zake za kutchalitchi zinamutupitsa matuza, mpaka anazivula n'kuzinyamula m'manja. Siketi yatsopano ija inali itafiira ndi fumbi, ndipo sanaiyang'ane n'komwe.

Atatulukira pamsewu wa tala anaona ambulera wofiira. Anapuma mpweya waukulu n'kuthamangira pomwepo. Panalibe benchi. Patsogolo pang'ono panali ambulera wina wofiira. Tsidya la msewu panali awiri. Kutsogolo kwa sitolo iliyonse, pamphambano iliyonse, maambulera anali ndandanda, onse ofiira, onse ofanana.

Anafunsa mayi wina wokhala pansi pa ambulera ngati anaona bambo wachikulire paambulera wofiira. Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumapazi opanda nsapato mpaka kumutu, n'kufunsa kuti wofiira wake uti. Anzake anaseka. Lusiya analibe dzina la sitolo, analibe dzina la msewu, analibe chilichonse choti anganene.

Dzuwa linafika paliwombo. M'chikwama foni inayamba kulira. Anali amayi ake. Anaiyang'ana mpaka inasiya yokha, ndipo misozi inayamba kutsika.

5. A Sankhani

Pansi pa mtengo wina panali malo oimikapo njinga za kabaza. Pakati pa anyamata panali bambo wa imvi, wovala malaya a nambala. Anzake ankawaitana kuti a Sankhani. Lusiya anawayandikira n'kunena kuti akufuna munthu wina wa kumudzi kwawo, wosaona bwino, wa jekete ndi ndodo.

A Sankhani anafunsa kuti munthuyo ndi ndani wake. Lusiya anati ndi wa kumudzi basi. Iwo anapukusa mutu. Anati munthu salirira wa kumudzi chabe misozi yotere, ndipo iwo sangavutitse anzawo tauni yonse pa nkhani imene mwini wake akuibisa.

Anyamata onse anali atatchera khutu. Lusiya anawerama. Mawu amene anamukanika pamaso pa mtsikana mmodzi anayenera kuwanena tsopano pamaso pa amuna khumi.

"Ndi bambo anga. Ndinawasiya pabenchi, ine n'kukwera galimoto ya mnzanga. Ndinachita nawo manyazi."

Palibe anaseka. Zikanakhala bwino akanaseka.

A Sankhani anatulutsa foni. A kabaza ali ndi njira yawo: malo alionse oimikapo njinga ali ndi wapampando, ndipo uthenga ukayamba kumsika umafika kudepoti munthu asanamalize kumwa madzi. Anaimba kawiri, katatu. Pa ulendo wachinayi yankho linabwera. Mnzawo wina, a Tobias, anapeza bambo wa ndodo akufufuza njira yekha m'mphepete mwa ngalande. Popeza bamboyo anakana kukwera, a Tobias anakankha njinga yawo n'kuyenda nawo wapansi mpaka kuchipatala cha mpingo.

A Sankhani anauza Lusiya kuti akwere. Iye anati alibe cholipira. Iwo anati sanamufunse zimenezo. Ali m'njira anayamba kulankhula osatembenuka.

"Mwana iwe, ndapalasa njinga m'tauni muno zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndiye ndikuuze. Ukafika malo achilendo usazindikire malo ndi chinthu chimene mwini wake angachipinde n'kupita nacho kunyumba. Werenga dzina la sitolo. Yang'ana kumene kuli phiri. Si paja uli pasukulu? Ndipo galimoto ya mwini imapita kumene mwini akufuna, imabwerera pamene mwini wafuna. Miyendo yako ndi kabaza n'zimene ungazilamule. Koma zimenezo n'zazing'ono. Ine ana anga ndawaphunzitsa ndi miyendo iyi. Wamkulu ali kukoleji. Tsiku lina anandidutsa pamsika ali ndi anzake, nkhope atayang'ana kumbali. Sindinamufunsepo mpaka lero, ndipo fizi ndikulipirabe. Koma ndikhoza kukuuza kuti linali Lachinayi, ndiponso malaya amene anavala. Inu ana mumayesa kuti ife sitiona. Timaona, timangosowa pokanena."

Lusiya anagwiritsa chitsulo cha mpando.

6. Pachipatala

Anafika nthawi itapitirira 1 koloko. Pakhonde panali mzere wa anthu achikulire, aliyense atamatidwa kapepala pamwamba pa diso loti lichitidwe opaleshoni. A Levison sanali pamzerewo. Anali okha pabenchi ya panja, chipewa pamaondo, ndipo pachipumi pawo panalibe kapepala.

Lusiya anathamangira kwa namwino, kalata ili m'manja. Namwinoyo anaiwerenga, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiwe mwana wawo uja? Bambowa anafika nthawi yabwino. Popanda kalata sitikanawalemba, koma ndinawasungira malo mpaka hafu pasiti thwelofu, anthu ena akudandaula. Nthawi zonse ndikawafunsa ankati, dikirani pang'ono, mwana wanga akubwera, ndi mwana wodalirika. Malowo tapereka kwa wina. Madokotala sangawonjezere munthu."

Lusiya anachonderera. Analankhula Chichewa, analankhula Chingerezi chake chabwino chija, koma sizinathandize. Namwino anati abwere chaka chamawa, kapena akayese ku Lilongwe, kumene mzere wake ndi wa miyezi. Anawonjeza motsitsa mawu kuti diso lamanjalo silidikira chaka.

Lusiya anapita pabenchi n'kugwada m'fumbi patsogolo pa bambo ake.

"Dzuka, anthu akuona," anatero a Levison. "Wawathokoza amene akubweretsawa? Tiye, matola angatisiye."

7. Ulendo Wobwerera

M'matola anakhala pamatumba a feteleza, moyandikana. Anadutsa minda ndi zigafa osalankhulana. Lusiya ankalakalaka bambo ake atamukalipira, ngakhale kumumenya kumene, koma iwo anali phee. Atatsika pamsewu wa kwawo dzuwa litapendeka, a Levison anaima.

"Lusiya, pali chimene sunkachidziwa. Iwe usanabadwe ndinakhaladi tenanti zaka zisanu ndi ziwiri, ine ndi amayi ako, paesiteti ina kufupi ndi Mtunthama. Tinkagona m'kanyumba ka udzu, tinkadya chimanga choyezeredwa m'chitini. Munda uwu tinaupeza ndi manja amenewa. Utenanti ndi ntchito yowawa, koma sindinachitepo nayo manyazi, ndipo dzina limenelo silinandipweteke lero. Chimene chandipweteka n'chakuti unalisankha pofuna chinthu chotsika choti unditchule. Anthu amene amatithandiza kumunda aja, kodi umawaona choncho? Sukulu tinakutumiza kuti uzitiwerengera zimene ife sitingathe, osati kuti uzitiyeza ngati tikukwanira kuyenda nawe."

Lusiya analira mokweza, n'kupempha kuti amukhululukire.

A Levison anati zokhululuka n'zosavuta, akhululuka kale. Koma panali chinthu china. Amayi ake iwo sawauza kanthu. Sanama, komanso samunenera. Akafunsa, woyankha ndi Lusiyayo.

Kuchokera pamsewu kufika kunyumba ndi mtunda waufupi, koma tsiku limenelo Lusiya anaona kuti wafupikitsa. Akanatha kunena kuti matola anachedwa. Akanatha kunena kuti anthu anachuluka. Bambo ake sakanamutsutsa, ndipo zimenezo n'zimene zinkamuopsa kwambiri.

Amayi anali kuchigafa, akutsitsa fodya wouma. Atawaona awiriwo akubwera tsiku lomwelo, anasiya fodyayo pansi n'kuthamanga. Anagwira nkhope ya amuna awo ndi manja awiri, n'kuyang'ana diso ili ndi linalo. Ng'ala inali pomwepo.

"Mwabwerera chifukwa chiyani? Foni sumayankha bwanji? Lusiya, chachitika n'chiyani?"

A Levison anatembenuzira nkhope kumene ankamva kupuma kwa mwana wawo, n'kudikira.